Boti Lanu Lalowanso M'madzi

Amayi anga,

Kodi kukucha bwanji uko munapitako? Ndine Layitoni, mwana wanu woyamba. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu ndi kope lomwe ndabwereka kwa ana a mlongo wanga Edina, ndipo ndati lero ndikuuzeni zonse mwadongosolo, chifukwa mvula yagwa kanayi pamanda panu ine ndikungobwera kudzalambula, osanena kanthu.

Ndiyambe ndi za kumunda, paja inu munthu akabwera kuchokera kutali munkayamba mwamufunsa za kumunda musanamufunse za thupi lake. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, madzi anakhalitsa m'mizere chikadali chaching'ono. Nandolo ndiye watipulumutsa, ndipo makaka a chinangwa tayanika okwanira kutifikitsa mvula ikubwerayi. Kalongonda wanu uja wakumpanda amamerabe yekha chaka ndi chaka. Edina amamuphika tsiku lonse monga munkachitira inu, paja ndi nyemba zosapsa msanga, koma ana ake amati sakukoma ngati wa agogo. Ana awiriwo, Malita ndi Fulora, onse ali pasukulu, poti masiku ano sukulu ndi yaulere. Phalombe nayenso tsopano ndi boma pa yekha, sitipitanso ku Mulanje kukadinditsa mapepala. Kwabwera anthu a mataye ochokera kumaboma ena, amene tikamawayankhula amati Chichewa chathu chimamveka ngati tikuimba.

Muli ndi mdzukulu wina amene simunamuone. Joyisi, mkazi wanga, munamusiya ali woyembekezera, ndipo anachira ku Bangwe patangopita miyezi isanu titakuikani. Ndi mwana wamkazi, tinamutcha Esitere, dzina lanu. Ali ndi mpata wa mano ngati wanu. Chondichititsa manyazi n'chakuti pa zaka zake zitatu ndi miyezi, masiku amene ndagona naye nyumba imodzi sangakwane mwezi.

Mukudziwa kuti ndinabwera kuno ndi kachikwama ka zovala za masabata awiri. Abwana anga kushopu ya matabwa ku Limbe ndinawatsanzika kuti ndikukaona amayi akudwala, ndibwera posachedwa. Inu munapita. Tisanamete n'komwe, a Bonifasi, amuna ake a Edina, anagwa pamphasa, ndipo tinawadwazika chaka chathunthu mpaka kuwaika. Amalume, amene akanayang'anira mbumba, paja anapita ndi napolo uja wa ku Michesi. Ndinayang'ana uku ndi uku, mwamuna wotsala pakhomo pano ndinali ine ndekha. Ndinalembera Joyisi kuti ndidikire tikolole. Titakolola ndinalembanso kuti ndidikire tifolere nyumba. Kushopu kuja anaika munthu wina pa benchi langa.

Chaka chomwecho nyanja ya Chilwa inaphwa. Simukanakhulupirira, amayi. Padoko pathu pa Swang'oma panasanduka bwalo la matope osweka, anthu n'kumapita kuchilumba cha Njalo pa njinga. Boti lanu lija, lomwe munaligula ndi thukuta la matemba amene munkapita nawo ku Limbe pamutu ndi pa lole, linatsala chigonere pamatope ngati ng'ombe yofooka. Dzuwa linalitsegula matabwa mpaka munthu ankatha kulowetsa chala m'ming'alu. Mbuzi za anthu zinkausa mumthunzi wake. Wina anazula mipando yake iwiri, kaya anakakolezera moto. Ine ndinkangolidutsa ndikuyang'ana kumbali, chifukwa ndikaliona ndinkamva mawu anu aja akuti, boti ndi mwana wakhanda, ukalisiya tsiku limodzi limakulirira sabata.

Madzi atabwerera, mabwato a anzathu anayandama. Lanu linangomwa madzi n'kukhala pomwepo. Apa m'pamene ndinapanga nzeru yanga: ndilikonze, ndiligulitse, ndimusiyire Edina poyambira, ine ndibwerere kwa mkazi wanga. Ndikuuzani poyera kuti sindinalikonze chifukwa chokukumbukirani. Ndinalikonza kuti linditulutse kuno.

Ndinapita kwa a Namakhwa, amene analikhoma poyamba paja. Akalamba, maso akuchita chifunga, koma manja awo akuonabe. Ndinawauza kuti ine ndine mmisiri wa ku Limbe, ndikungofuna andilozere pang'ono. Anandiseka mpaka kutsokomola.

"Mwanawe," anatero, "tebulo likakhota, anthu amangoika kapepala kunsi kwa mwendo. Boti likakhota, amaika maliro."

Tinaitana amuna asanu ndi atatu kudzalitembenuza chafufumimba. A Namakhwa anatenga hamala yaing'ono n'kumagogoda thabwa lililonse, khutu ali pafupi. Thabwa lamoyo limayankha mokweza, lowola limayankha ngati dzungu. Tinapeza matabwa asanu akufa ndi nthiti zitatu zothyoka. Misomali yonse inali itadyeka, paja madzi a Chilwa ndi amchere, munthu ukaikoka imangotsala m'manja ngati makala. Iwo anakana matabwa a bulugama amene ndinali nditapeza pafupi, anati boti ili linabadwa ndi mkungudza ndipo silingalole mlendo pamimba pake. Ndinapalasa njinga mpaka ku Fort Lister kwa ocheka matabwa, ndipo pobwera ndinayenda wapansi masiku awiri ndikukankha njingayo, matabwa atamangidwa m'mbali. Fungo la mkungudza linandikhala m'malaya mwezi wonse.

Ntchito imene ndinkati ya masabata atatu inadya miyezi isanu. Thabwa la boti salikakamiza. Timalithira madzi owira, kulipinda pang'ono, kulimanga ndi chingwe, kulisiya ligone, mawa kulipindanso. Awiri oyamba ndinawathyola chifukwa cha phuma, ndipo a Namakhwa sanandikalipire, anangondifunsa kuti kodi basi yomwe ndikuthamangira inyamuka nthawi yanji. Titatha kukhoma tinayamba kumata. Tinkang'amba ziguduli kukhala timizere, kuzipota ndi thonje, kuziviika m'phula lowira, kenaka kuzilowetsa m'mpata uliwonse ndi tchizulo yosathwa. Phula linanditayikira padzanja lamanzere, chipsera chake ndifa nacho. Kenaka tinalikankhira m'madzi osaya n'kulisiya masiku atatu kuti matabwa atupe atsekane okha. Tsiku loyamba ndinakapa madzi zigubu zosawerengeka. Lachiwiri zochepa. Lachitatu ndinapeza m'kati muli timadzi tosakwana n'kapu.

Injini ndinaipeza pamene munaisiya, kunsi kwa bedi lanu, itakutidwa ndi bulangete lanu labwino lija pamene inu munkafunda lakale. Mavu anali atamanga nyumba m'kati mwake. Makaniko wa njinga zamoto ku Chiringa anaimasula yonse, kuitsuka ndi petulo, kuika pulagi yatsopano, ndipo anandiphunzitsa kasakanizidwe ka oyilo ndi petulo. Tsiku limene inalira, amayi a padoko anatulutsa nthungululu. Ndinalipaka penti wobiriwira monga linalili kale.

Koma wogula sanapezeke. Nsomba zinabwerera mwaulesi, ndipo eni makoka ambiri anali atagulitsa zonse nthawi ya chilala chija, ena anawolokera ku Mozambique osabwerako. Aliyense ankaliyamikira, kulisisita, n'kumapita. Ndinakhala ndi boti labwino kuposa onse padoko, lopanda kopita nalo.

Lamulungu lina kunabwera bambo wina pa njinga yamoto, dzina lake a Mhango, kalaliki wa kuboma latsopanoli. Kwawo ndi kumpoto, m'mphepete mwa nyanja yaikulu, ndipo anati chibwerereni kuno akungoona mapiri ndi minda ya nandolo, mtima wawo ukufuna madzi. Anandipempha kuti ndiwatengeko. Ndinafunsa kuti akupita kuti, anati kulikonse. Ndinafunsa ngati akukagula nsomba, anati ayi, akungofuna kukhala pamadzi. Asodzi amene anamva anagwa nako kuseka, amvekere anthu a sukulu akakhuta amalipira kuti akaone madzi. Ine ndinawatenga, tinazungulira pafupi ola limodzi, ndipo pobwera nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wachokera kwawo.

Anabweranso kawiri. Ndiwo anandipatsa maganizo akuti alipo ambiri onga iwo, aphunzitsi, anamwino, a zaulimi, amene Loweruka amasowa kopita. Ndinakhoma mipando inayi yokhala ndi motsamira, apa pokha umisiri wa ku Limbe unandithandiza. Ndinaimika mitengo inayi n'kukoka lona pamwamba kuti pakhale mthunzi. Ndinapeza machubu akale a galimoto, kuwamata ndi kuwapopa, kuti wina akagwera m'madzi agwire. Tinapangana ulendo woyamba weniweni, wopita ku Njalo ndi kubwerako: a Mhango, akazi awo, ndi aphunzitsi awiri a kusekondale.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Amayi, Edina akudwala. Zinayamba ndi zilonda zamoto zija zoyenda mbali imodzi ya thupi, kenaka chifuwa chosamva mankhwala. Chitenje chomwe ankamanga kamodzi ndi theka tsopano chikuzungulira kawiri. Anapita yekha kuchipatala cha mishoni, anamuyeza magazi, ndipo anamuuza kuti ndi matenda omwe anatenga a Bonifasi. Atabwera anandipeza ndikupala thabwa, anakhala pansi n'kundiuza osalira. Kenaka anandilumbiritsa pa dzina lanu kuti ndisauze munthu, ngakhale mlamu wake Joyisi. Anati anthu akadziwa asiya kugula zitumbuwa zake, ndipo ana ake aziwaloza chala kusukulu. Ndinalumbira.

Kuyambira pamenepo makalata anga opita ku Bangwe ankangonena za boti. Boti latsala pang'ono. Boti likufuna penti. Boti likusowa wogula. Mayankho a Joyisi ankafupikirafupikira, mpaka ina inabwera ya mizere itatu, yonena kuti ankhoswe ake akufunsa ngati ukwati ulipo. Ndisanayankhe, anatulukira yekha Lachisanu masana, fumbi la matola lili m'tsitsi, Esitere ali kumbuyo. Mwanayo atandiona anabisala m'chitenje cha mayi ake. Edina anadzikakamiza kudzuka, anavala malaya a manja aatali, anaphika, anaseka, ndipo Joyisi anangoti alamu mwaonda, iye n'kuyankha kuti ndi ntchito ya kumunda.

Ulendo wa ku Njalo unali m'mawa mwake. Ndinamupempha Joyisi kuti abwere nawo. Mumtima ndinkati akaona anthu a ulemu wawo atakhala m'boti langa, mwina aona kuti kuno nakonso munthu angakhale, mwina avomera kusamukira kuno, ine osathyola lumbiro.

Tinanyamuka dzuwa litangokwera pang'ono. Mukukumbuka kuti kuchoka padoko munthu amayamba wadutsa m'kanjira kamene asodzi anadula m'kati mwa njedza, udzu wa m'madzi uja, kotalika ndithu, asanafike pamadzi oyera. Tinadutsa bwinobwino. Titatulukira panyanja, mphepo inatiomba kumaso, ndipo kumbuyo kwathu Michesi ndi Mulanje zinaima ngati zasambitsidwa. Akakowa anali mbuu pamwamba pa njedza. Tinadutsa zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama, ndipo aphunzitsi aja anadabwa kuona munthu akukazinga milamba pamoto pakati pa madzi. Esitere anatulutsa dzanja kunja kwa boti, madzi akumuthira kumaso, n'kumakuwa ndi chimwemwe. Joyisi anaseka. Ndinali nditaiwala kaseke kake. Ku Njalo tinatsika, anthu anadya zimene anatenga, a Mhango anasambira ngati mwana. Ndinkadziona ngati ndapambana.

Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, mphepo inali itatembenuka. Inu munkanena kuti njedza ilibe mudzi, imagona kumene mphepo yaiuza. Ndinkayesa ndi mwambi chabe. Titafika pamene panali khomo la kanjira kathu, panalibe khomo. Chigamba chachikulu cha njedza yoyandama chinali chitasuntha n'kutseka. Ndinayenda m'mbali kufunafuna, ndinaona mpata wina, ndinati ndi womwewu. Ndinalowa. Tinayenda pang'ono, mpatawo unayamba kuchepa, kenaka unatha. Nditacheuka kuti ndibwerere, kumbuyo nakonso kunali kutatsekeka. Ndinapatsa injini moto kuti tiboole, pulopela inamenya mizu, injini inangolira mokweza boti osasuntha. Kapini kamene kamagwira pulopela kanali katathyoka.

Amayi, m'kati mwa njedza mulibe mphepo. Udzuwo ndi wautali kuposa anthu awiri, mbali zonse n'chimodzimodzi, kumwamba kokha n'kumene kumaoneka. Kutentha kwake ngati m'ng'anjo ya njerwa. Udzudzu wa mmenemo sudikira kuti kude. Tinakuwa, palibe anayankha. Madzi akumwa anali atatsala botolo limodzi, ndipo tinagwirizana kuti akhale a mwana. Mphunzitsi mmodzi anayamba kundinena kuti ndatenga anthu ndisakudziwa nyanja, ndipo ankanena zoona. Akazi a a Mhango anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Esitere analira mpaka mawu anasasa, ndipo nditati ndimunyamule anakana, anauza mayi ake kuti bambo awa atibweze kwathu.

Pini yapadera ndinalibe. Ndinazula msomali pa mpando umodzi, kuudula ndi kampeni ka sowo ya zitsulo, kuupala ndi tupa mpaka unalowa. Koma injini m'mizu yotere ndi yopanda ntchito, ikanangothyokanso. Ndinakwera pamapewa pa a Mhango nditagwira mtengo wa lona, ndipo patali ndinaona kansonga ka Michesi. Ndinadziwa kumene kuli mtunda. Ndinavula malaya, ndinatenga chikwakwa, n'kulowa m'madzi. Ankandifika pachifuwa, miyendo ikumira m'matope. Ndinkadula njedza, kuikankhira kumbali, kukoka boti ndi chingwe, a Mhango akukankha ndi nsungwi kumbuyo. Tikayenda mikono khumi, ndinkakweranso pamapewa pawo kuona phiri. Misundu inandimata m'miyendo ndi m'mimba, ndinasiya n'kuichotsa komwe.

Nthawi ina ndinatopa, ndinagwira m'mphepete mwa boti kuti ndipume. Pamene ndinagwirapo m'pamene panakhala Joyisi, mwana atagona pamiyendo pake, akumukupiza ndi mpango. Anawerama n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Bambo a Esitere, pano palibe kothawira, ndiye mundiyankhe. Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati ndi boti la amayi anu. Latha kukonzedwa, ndaliona, silikudontha. Chikukugwirani kuno n'chiyani? Ngati pali mkazi wina, nenani, ndipite ndikudziwa."

Yankho linali pakamwa penipeni. Ndinamuyang'ana, milomo yake itauma, udzudzu utamutupitsa m'manja chifukwa chotchinga mwana wanga. Ndinakumbuka Edina atakhala pa mapalo a matabwa akutchula dzina lanu. Ndinangoti, "Tituluke kaye." Iye anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumbali, ndipo ine ndinabwerera kukadula udzu. Pa zonse za tsiku limenelo, misundu ndi ludzu ndi manyazi, chimene chinandipweteka ndi chimenechi.

Tinaboola n'kugwera m'kanjira ka asodzi dzuwa litapendeka, cha m'ma folo koloko. Ndinaliza injini, msomali uja unagwira, ndipo tinafika padoko anthu atayamba kale kukonza mabwato oti akatifune. Aphunzitsi aja anatsika osatsanzika. A Mhango, thupi lonse matope, anakhala pamchenga n'kuyamba kuseka, amvekere chibwerereni ku Phalombe tsiku limene akhala ndi moyo ndi limeneli. Kenaka, pamaso pa Joyisi, ananena kuti boti loti lakhala maola onsewo likukhuzidwa ndi mizu osalowa madzi ndi boti lenileni, ndipo ngati ndikuligulitsabe, iwo aligula mwezi womwewo.

Chimene ndinachifunafuna chaka chathunthu chinabwera chokha. Joyisi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndiganize kaye. Anabereka mwana n'kutsogola kunyumba osatembenuka.

M'mawa mwa Lamulungu analongedza. Sanakalipe, anangopinda zovala za mwana n'kunena kuti akafika akauza ankhoswe kuti zatha. Edina anali m'chipinda chanu, ndipo khoma lija mukulidziwa, silisunga mawu. Anatuluka, anatenga chikwama cha Joyisi n'kudzitwika, ngakhale anali wodwala. Nditati ndimulandire anandiuza kuti nditenge mwana ndizibwera pambuyo, patali. Ndinawatsatira choncho mpaka pamsewu. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango uja wa pasiteji, ine ndinaima kutsidya ndi Esitere, amene tsikulo analola kuti ndimugwire dzanja. Matola yoyamba inabwera, inaimba huta, inapita. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinkangoona Edina akuyankhula, kenaka anakwinya dzanja la malaya kumuonetsa mkono, kenaka Joyisi anamukumbatira, awiriwo n'kukhala choncho nthawi yaitali.

Atandikodola, ndinapita. Maso a Joyisi anali ofiira.

"Mukanandiuza," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudana ndi matabwa osalakwa."

Anati kukhala kuno sangathe, ntchito yake yosoka ndi imene ikudyetsa iye ndi mayi ake okalamba, ndipo akaisiya tonse tigwera m'dzenje limodzi. Ndinati ndikudziwa. Kenaka ananena mawu amene sindidzawaiwala, Edina ali pomwepo akumva, poti anali atagwirizana kale.

"Khalani, muwasamale alamu. Tsiku likadzafika, mudzabwere ndi Malita ndi Fulora. Ndidzawalera ngati anga."

Anakwera matola yachitatu. Esitere anandibayibitsa mpaka fumbi linawaphimba.

Papita miyezi itatu tsopano. A Mhango ndinawauza kuti boti silikugulitsidwa, ndipo sanakhumudwe, amabwerabe, amabweretsanso anzawo. Nkhani ya kusochera kwathu inafika kuboma, ndipo m'malo mothawitsa anthu yakopa ena, ngakhale aphunzitsi awiri aja sanabwerenso. Ndaphunzira. Sindinyamuka ndisanafunse asodzi za mphepo, ndimabwerera dzuwa lisanafike pamutu, ndimatenga mapini atatu, chigubu chachikulu cha madzi akumwa, ndi nsungwi yaitali yomangirira nsanza yofiira kuti tikatsekeredwa anthu atione. Loweruka lililonse ndikabwerako ndimatsuka injini ndi madzi a pamjigo kuti mchere usaidye. Zimene timapeza zikugula sopo, shuga ndi mankhwala a chifuwa. Joyisi amalemba kawiri pamwezi, makalata aatali, ndipo amatumizira Edina mafuta odzola.

Anthu akuona ngati zinthu zayenda. Koma pali chimene sindingauze Joyisi, kapena abusa, kapena a Namakhwa, ndipo n'chifukwa chake ndatenga kope ili. Kale ndinkati chikunditsekera njira ndi boti, ndiye ndinkalimbana nalo ndi hamala, mtima uli m'malo. Tsopano njira ya ku Bangwe ndi yotsegula, mkazi wanga akundidikira, mwana wanga wayamba kundidziwa, koma khomo lotulukira ndi manda a mlongo wanga. Tsiku lina ndikupala nkhafi kuseri, Edina anatsokomola nthawi yaitali m'nyumba, ndipo ndinadzipeza ndikuganiza kuti kodi Esitere adzakhala atayamba sukulu pamene ndizidzafika. Ndinaika pulena pansi. Ndi mwana wanu yemwe ndinkamubereka popita kudoko, yemwe anapereka chinsinsi chake kuti ukwati wanga usathe. Ine n'kumuwerengera masiku. Ngati kumeneko mumaona za m'mitima, munaona, ndiye ndati ndivomere ndekha musanandifunse. Mundikhululukire, amayi.

Edina masiku ena amadzuka bwino, amakazinga zitumbuwa, amaluka tsitsi la ana. Masiku ena sadzuka. Dzulo anali bwino, ndipo tikusenda nandolo pakhonde pano anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Akuti chibadwire sanakwerepo boti lanu. Munkamuletsa kuti mwana wamkazi mmodzi yekhayo sangapite pamadzi, ndipo atakula anangozolowera kuliona likupita ndi kubwera. Wapempha kuti ndimutengeko, iye ndi ana ake, popanda alendo, akaone mmene mudzi wathu umaonekera munthu ali panyanja.

Ndauza a Mhango kuti Loweruka likubwerali asabwere. Ndayala mphasa ndi pilo pakati pa mipando kuti akatopa agone. Lamulo lanu lija tiliphwanya, ndipo musatikwiyire. Ndikulonjezani kuti ndiyendetsa pang'onopang'ono, ndizimitsa injini pamene iye wanena, ndipo sindiyang'ana dzuwa kuti lafika pati mpaka iye mwini atanena kuti achimwene, tiyeni tizipita kunyumba. Masiku ake onse otsala ndiwasunga motero.

Mupereke moni kwa amalume ndi kwa a Bonifasi. Muwauze a Bonifasi kuti ana awo ali ndi kopita. Koma inu musafulumire kumuyalira mphasa Edina kumeneko, tikumufunabe kuno.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Layitoni